Mlimi wa m'Kalata wa Yakobo ndi Alaliki a m'Makomboni a Lusaka

Munthu woyenda m'makomboni a Lusaka pa Loweruka kapena pa Lamulungu samva njala ya maulaliki. Ku Matero ndi ku Chawama mapemphero acitika m'machalichi a njerwa. Ku Kanyama ndi ku George acitikanso m'zipinda za sukulu zobwereka ndi m'misasa ya malata. Ndipo ngakhale m'basi yopita m'tauni mumaimirira munthu ndi Baibulo m'dzanja. Pa maulaliki onsewa pali nkhani imodzi yobwera-bwera, ndiyo yakuti Ambuye ali pafupi kudzanso, cotero anthu apirire. Nkhaniyo njakale monga Mpingo womwe, ndipo Mkristu sangaikane. Koma kalalikidwe kace kayenera kuyesedwa monga mai ayesa nsaru pamsika asanaturutse ndalama, pakuti liu lakuti "pirirani" likhoza kutsitsimutsa munthu wolema, likhozanso kumgoneka pansi kuti ena amuponde bwino.

Alaliki ambiri akafika pa nkhani imeneyi amatsegula Kalata wa Yakobo, mutu 5, kuyambira ndime 7 kufikira ndime 11, pamene mlembi afanizira Mkristu wolindira Ambuye ndi mlimi wolindira mvula, nakumbutsa za aneneri ndi za Yobu. Kalatayu ngwamfupi, wa mitu 5 ndi ndime 108 zokha. Martin Luther, poturutsa Cipangano Catsopano m'Cijeremani mu 1522, anampeputsa namuyesa kalata wa udzu pomlinganiza ndi makalata a Paulo. Kapena Luther sanagonepo m'nyumba yodontha; anthu a kuno adziwa kuti udzu ndiwo uchinjiriza banja ku mvula. Yakobo salemba monga mphunzitsi wa sukulu yapamwamba ai, koma monga nkhalamba ya pabwalo, imene siicurukitsa gaga m'diwa: lilime alifanizira ndi kamoto kotentha nkhalango, moyo wa munthu ndi nkhungu ya m'mawa, ndipo wakumva mau osawacita ndi munthu woona nkhope yace m'kalirole naiiwala. Khutu lozolowera miyambi limamva kalata wotere msanga. N'cifukwa cace n'zacisoni kuona umo kalatayu amapundukira m'kamwa mwa omulalika.

Cifanizo ca mlimi ciri pafupi ndi anthu a m'makomboni kuposa umo alaliki aganizira. Ku Palestina mvula yoyamba imagwa m'October ndi November, ndipo yotsiriza m'March ndi April. Ndiyo miyezi yomweyo imene mlimi wa ku Katete kapena wa ku Petauke amakhala maso ali kumwamba. Ambiri okhala ku Mtendere ndi ku Kalingalinga ndiwo ana ndi adzukulu a alimi otere, ndipo ena akali kulima timinda kunja kwa mzinda. Tsono munthu afunse: kodi mlimi amalindira motani? M'September, dzuwa liri kuswa mtengo ndipo kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, iye ali m'munda kusosa ndi kukonza mizere. Amasankha mbeu, naika khasu mumpini watsopano. Cizimalupsa cikagwa sathamangira kubzala, pakuti adziwa kuti mvula imeneyo njonyenga. Mvula yeni-yeni ikadza abzala, napalira, nabandira, naingitsa anyani. Ndipo m'January ndi February, nkhokwe itatha ndi ana ali kulira njala, amadziletsa kuthyola cimanga cisanakhwime. Pa nchito yonseyi pali zinthu ziwiri zokha zimene iye sangathe: sangagwetse mvula, ndiponso sanganene tsiku limene idzagwa. Zina zonse ziri m'manja mwace. Mlimi wogona pakhonde, namati ali kulindira Mulungu, anzace amucha waulesi, ndipo salakwa.

Omasulira Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa lathunthu mu 1922 pambuyo pa nchito ya zaka zambiri yotsogozedwa ndi W. H. Murray wa Mishoni ya Dutch Reformed, anaona cinthu cimene alaliki ambiri amacilumpha. M'Cigriki Yakobo anagwiritsa nchito mau awiri osiyana. Loyamba, limene aliika pa mlimi, linena za mtima wosapsa msanga. Laciwiri, limene aliika pa Yobu, linena za munthu wosenza katundu wolemera osamtaya. Omasulira aja anasunga kusiyanaku, naika kuleza mtima pa mlimi ndi cipiriro pa Yobu. Koma paguwa mau onse awiri amaphikidwa mumphika umodzi, naturuka liu limodzi lija lakuti "pirirani," ndipo kuleza mtima kumatayika. Kutayikako sikuli kwacabe, cifukwa kuleza mtima ndi khalidwe locitira anthu anzako. Ndipo pa ndime 9 Yakobo aletsa abale kudandaulirana, poti Woweruza ali pakhomo. M'komboni, mmene mabanja angapo amatunga pa mpopi umodzi ndi kulowa m'cimbudzi cimodzi, mmene khoma la munthu liri khoma la mnzace, ndime imeneyo ndiyo yofunika tsiku ndi tsiku. Mai amene waima pamzere wa madzi kuyambira tambala woyamba, wina nadzalowetsa cigubu cace patsogolo, ayesedwa cikhulupiriro cace pomwepo, lipenga lotsiriza lisanalire. Koma ndime imeneyi simveka kawiri-kawiri, pakuti ilibe zirombo za nyanga khumi zokometsera ulaliki.

Ngakhale Yobu yemwe amasandulika. Yobu wa m'maulaliki ndi munthu wofatsa, wokhala cete paphulusa, wobvomereza zonse. Yobu wa m'buku lace sali wotero. Iye anatemberera tsiku la kubadwa kwace, natsutsana ndi abwenzi ace atatu mitu yambiri, napfuula kuti Mulungu adzamve mlandu wace. Ndipo potsiriza Mulungu, atamuyankha m'kabvumvulu, anakwiyira abwenzi aja, nanena kuti Yobu ndiye analankhula zoona za Iye. Cipiriro ca Yobu cinali cakuti sanataya Mulungu. Sicinali cakuti anatseka pakamwa.

Koma colakwa cacikuru koposa ndico kuyambira pa ndime 7. Ndime imeneyo iyamba ndi kaliu kolumikiza, kosonyeza kuti ipitiriza zimene zanenedwa kale. Ndipo woiwerenga yokha afanana ndi mfumu yolowa mlandu pakati, niweruza isanamve ciyambi cace. Ndime zisanu ndi imodzi zoyamba za mutuwo ndizo mau oopsa koposa m'kalata yense. Mlembi acenjeza eni cuma kuti cuma cao cidzaola, ndi kuti malipiro a anchito okolola m'minda yao, amene iwo anawabisa monyenga, ali kupfuula, ndipo kupfuulako kwafika m'makutu a Ambuye. Atatha kunena zimenezo ndipo atembenukira kwa osauka nawauza kuti aleze mtima. Kulindira kwa Yakobo, tsono, ndiko kulindira kwa munthu amene mlandu wace walowa kale kubwalo, ndipo Woweruza ali panjira. Sikuli kwa munthu wouzidwa kuti alibe mlandu.

M'mamawa uli wonse, kusanace bwino, mizere ya anthu imaturuka m'Mtendere ndi m'Kalingalinga kulowa ku Kabulonga ndi ku Woodlands: anchito a m'nyumba, olera ana, osamala maluwa, ndipo panjira amakomana ndi alonda obwerera kukagona. Ena alipidwa bwino ndi pa nthawi yace. Ena amauzidwa "mawa" mwezi ndi mwezi, ngakhale Boma linaika lamulo la malipiro ocepetsetsa a anchito a m'nyumba mu 2011. Anthu amenewa ndiwo okolola aja a m'ndime 4. Akafika m'chalichi amva theka la mutu limene liwauza kupirira, ndipo wolemba nchito uja, amene nayenso ndi Mkristu ndipo kapena ndi mkuru wa mpingo kwao, sakumva konse theka limene linalembedwera iye. Mlaliki wotere waba mau a Yakobo monga momwe eni munda aja anabera malipiro. Ndipo kuba kumeneku kwalowa m'nyumba momwe. Akazi a mu Lusaka anaucha ukwati dzina lacipongwe lakuti shipikisha club, pobwereka liu la Cibemba lotanthauza kupirira. Ndipo dzinalo liri mboni yotsutsa alangizi ndi akuru a mpingo amene amabweza mkazi womenyedwa kwa mwamuna wace ndi ndime ya Yobu m'manja, monga ngati nkhonya za munthu woledzera ndizo mayesero ocokera kumwamba. Lamulo la dziko loletsa nkhanza za m'banja linakhazikitsidwa mu 2011. Yakobo anali atanena kale kuti kulira kwa wozunzidwa kumamveka.

Colakwa cina n'ca mlimi wofuna kuchula tsiku la mvula, ndipo mbiri yace njaitali. William Miller, amene anali mlimi weni-weni wa ku America, anawerengera zaka za m'buku la Danieli, ndipo omtsata anaika tsiku la 22 October 1844. Ena anasiya mbeu m'minda osakolola. Tsikulo linafika nilipita. Mwa otsala munaturuka mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unaleka kuika masiku, nuyamba kumanga sukulu ndi zipatala, monga Malamulo ku Malawi mu 1902, Rusangu pafupi ndi Monze mu 1905, ndi cipatala ca Mwami pafupi ndi Chipata. Kufupi kuno, Elliot Kenan Kamwana, Mtonga wophunzira ku Mishoni ya Livingstonia, anakomana ndi Joseph Booth ku Cape Town, nabwerera kwao mu 1908 ndi mabuku a Watch Tower, nalalika kuti Ufumu udzafika mu October 1914. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000 m'dera la Nkhata Bay. Boma la Atsamunda linamcotsa m'dziko mu 1909, ndipo sanaloledwa kubwerera kwao kufikira 1937. Anthu aja sayenera kusekedwa, pakuti cimene anamva m'ulaliki wace ndico kutha kwa msonkho ndi kwa ulamuliro wa alendo, ndipo kulakalaka kwao kunali kolungama. Koma caka ca 1914 cinawatengera nkhondo ya Azungu, ndi mtenga-tenga umene unapha amuna ambiri panjira. Pambuyo pace mabuku a Mboni za Yehova anautsa ciyembekezo pa caka ca 1975, ndipo mu 1980 atsogoleri ao anabvomera kuti mau ao anathandiza kuutsa ciyembekezo cimeneco.

Pamenepa cilungamo cifuna kuti cinenedwe cinthu cina. Pa nkhani ya kuima nji m'cikhulupiriro, anthu a Mboni aonetsa zimene mipingo yambiri yowatsutsa sinayesedwepo nazo. Ku Malawi Boma la Dr. Banda linawaletsa mu 1967 cifukwa cokana kugula makadi a cipani. Mu 1972 zikwi zambiri zinathawira ku Sinda Misale, m'cigawo ca Kum'mawa ca Zambia, kumene ambiri, makamaka ana, anafa ndi matenda. Ndipo ciletsoco sicinacotsedwa kufikira 1993. Mu Zambia momwe ana ao anacotsedwa m'sukulu cifukwa cokana kucitira saluti mbendera, nkhani imene inafika ku Bwalo Lalikuru mu 1967, ndipo mu 1968 ndi 1969 nyumba zao zosonkhaniramo zambiri zinatenthedwa. Munthu akhoza kukana ciphunzitso cao, koma sangakane kuti anaima. Cofunika kucizindikira ndi ici: caka ca 1975 cinapita opanda kanthu, ndipo a ku Malawi aja anapirirabe zaka 18 zina pansi pa ciletso. Cimene cinawagwira sicinali tsiku lowerengedwa lija. Mlaliki wa pamsika wa Soweto amene aona cizindikiro m'nkhondo iri yonse yomveka pa wailesi, nati kwatsala miyezi yowerengeka, ayesa kuti ali kulimbitsa anthu. Koma ali kuwakongoza ngongole imene adzalephera kuibweza, ndipo tsikulo likapita ofooka ena amataya tsiku ndi Ambuye pamodzi. Paulo anaona kale zotere ku Tesalonika, kumene ena analeka nchito poyesa kuti tsiku lafika. Ndipo iye, amene anali kusoka mahema ndi manja ace, anawauza kuti wokana nchito asayembekeze mbale.

Cozizwitsa n'cakuti mamasulidwe abwino koposa a mlimi wa Yakobo ali pakhomo pa alaliki omwewo, m'mbiri ya makomboni, ndipo sawaona. Lusaka anakhala likulu mu 1935. M'masiku a Atsamunda munthu wakuda m'tauni anali kuyesedwa mlendo: anali kuyenda ndi citupa, nyumba yace inali yomangika ku nchito yace, ndipo nchito ikatha anayenera kubwerera kumudzi. Matero anamangidwa ndi khonsolo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, koma nyumba zace sizinakwana anthu. Otsala anamanga timisasa m'mafamu a Azungu ndi pafupi ndi migodi ya miyala, nalipira lendi kwa mwini malo. Ndipo maina monga George, John Laing ndi John Howard akumbutsa masiku amenewo kufikira lero. Khonsolo inali kuyesa malo otere osaloleka, siinali kuwapatsa madzi kapena miseu, ndipo nthawi zina inali kugwetsa nyumba. Ufulu utadza mu 1964 anthu anacuruka koposa. Panalibe munthu wowauza tsiku limene adzaloledwa kukhala; panalibenso citsimikizo cakuti tsikulo lidzafika. Koma iwo sanapinda manja. Anaumba zidina, nagula malata limodzi-limodzi, nakumba zitsime, nalambula miseu pakati pa nyumba, namanga misika, sukulu ndi machalichi. Mu 1974 Boma linapanga lamulo lobvomereza malo otere, ndi kupatsa eni nyumba cilolezo ca zaka 30. Ndipo ndi ngongole ya World Bank linalowetsa mipopi ndi miseu ku Chawama, ku George, ku Chaisa, ku Garden ndi ku komboni ya Chipata. Kalingalinga anakonzedwa kuyambira 1980 ndi thandizo la Ajeremani. Lamulo linadza kudzabvomereza cimene manja anali atamanga kale, monga mvula ipeza mizere yokonzeka. Mbusa wa ku George ali ndi fanizo m'makoma a chalichi cace comwe, ndipo agogo oumba zidina aja ena akali moyo, okhala pa mabenci a kutsogolo. Koma iye amapita kukabwereka nthano kwa alaliki a pa televizyoni a ku America.

Ku Kanyama nkhaniyi iri ndi imfa mkati. Komboni imeneyi inamangidwa pa malo athyathyathya, pamwamba pa thanthwe la laimu, kumene madzi a mvula alibe kolowera, ndipo madzi a pansi ali pafupi. M'dzinja la 1978 cigumula cinagwetsa nyumba zambiri kumeneko, ndipo kuyambira pamenepo madzi amalowabe m'nyumba caka ca mvula yambiri ciri conse. Madziwo akadzaza zimbudzi zokumba amasakanizika ndi a m'zitsime zosaya, ndipo kolera amabuka, monga anacitira mu 2017 ndi 2018, pamene Boma linaletsa misonkhano ndi mapemphero omwe m'madera obvutikawo, ndiponso mu 2023 ndi 2024, pamene odwala anagonekedwa m'bwalo la mpira la National Heroes. Pa nthawi zotere kumamveka maulaliki akuti miliri ndiyo zizindikiro za masiku otsiriza. N'zoona kuti Uthenga wa Luka uchula miliri pakati pa zizindikiro. Koma cizindikiro cimene cimadza pamodzi ndi mvula, nicisankha makomboni omwe-omwewo, osaoloka kupita ku Kabulonga, ciyenera kukayikiridwa. Cioneka ngati cizindikiro ca ngalande. Kuuza anthu a ku Kanyama kuti kolera ndiye belu la Ambuye ndiko kumasula pa mlandu onse amene anayenera kukumba ngalande ndi kuika mipopi, ndi kumasulanso mwini nyumba amene anakumba citsime pafupi ndi cimbudzi. Alipo abusa amene m'masiku a mliri anaika zidebe zosambira m'manja pakhomo pa chalichi, natsogolera akristu ao kukacotsa zinyalala m'ngalande, nalankhula kwa makhansala mosaopa. Amenewo anawerenga mutu wonse.

Za alaliki a mtundu watsopano mau acepe. Kuyambira pamene Pulezidenti Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, mipingo yacuruka, ndipo pakati pace pali aneneri amene sanena konse za kulindira. Iwo agulitsa mafuta ndi madzi odalitsidwa, nalonjeza nchito, ukwati ndi galimoto mwezi womwewo. Nawonso anabwereka kanthu kwa mlimi uja, ndilo liu lakuti "mbeu," limene kwa iwo litanthauza ndalama zoika m'mbale ya mneneri. Anatenga mbeu nasiya khasu ndi miyezi isanu ya mvula.

Pali malo amodzi pamene liu lija lakuti "pirirani" limamveka bwino, ndipo palibe angalitsutse, ndiwo pamaliro. Pamene mwana wagona m'bokosi palibe munda wosoka kapena ngalande yokumba. Catsala ndico ciyembekezo ca kuuka kwa akufa, ndipo wocipeputsa sanaikepo mwana. Koma ngakhale pamenepo liulo lilemera mosiyana monga mwa pakamwa poturukira. M'komboni maliro akagwa, mipando imaturutsidwa, amuna nakhala panja pamoto, akazi nakhala m'nyumba pamphasa pamodzi ndi wofedwa. Amai a Cigwirizano a mpingo wa Reformed, a Dorika a ku Adventist, ndi a mabungwe a Akatolika amafika tsiku loyamba ndi ufa, makala ndi ndiwo zosonkha. Amagona pansi masiku atatu, naimba usiku wonse, natunga madzi, naphikira khamu lonse. Mmodzi wa iwo akagwira dzanja la mkazi wamasiye namnong'oneza kuti apirire, mkaziyo amamva, cifukwa wonenayo ali ndi mwaye m'manja. Mlaliki woitanidwa amafika tsiku la kuika, nalankhula ola lathunthu za lipenga lotsiriza ndi za kutha kwa dziko, nacoka ndi galimoto loyamba lobwerera kumanda. Amai aja amatsala kutsuka miphika ndi kubweza mabenci ku chalichi, ndipo sabata yotsatira awiri a iwo amabweranso kudzaona ngati m'nyumbamo muli ufa, ndi ngati mwini nyumba wayamba kale kufunsa za lendi.